Maphunziro Okhudza Amayi ku Yunivesite: Mafunso ndi Mayankho

Mafunso ali m'munsimuwa ndi amene amabwerabwera kuchokera kwa ophunzira amene akusankha zokaphunzira ku yunivesite, kwa makolo awo, komanso kwa anthu amene ali kale pantchito ndipo akulingalira zobwereranso m'kalasi. Tayamba ndi mafunso a munthu amene wangomva kumene dzina la maphunzirowa, kenaka tafika pa mafunso a munthu amene watsala pang'ono kulembetsa.

Kodi maphunziro okhudza amayi ndi chiyani kwenikweni?

Ndi nthambi ya maphunziro a ku yunivesite imene imafufuza moyo wa amayi, ntchito zawo, mbiri yawo ndi malo amene amapatsidwa m'banja, m'chuma, m'malamulo, m'chipembedzo ndi m'ndale. M'Chingerezi amawatcha Women's Studies. Maphunzirowa sanatsamire pa phunziro limodzi lokha, koma amabwereka njira zofufuzira kuchokera ku mbiri yakale, zachuma, zamalamulo, zaumoyo, zolembalemba ndi maphunziro a kakhalidwe ka anthu, n'kuzigwiritsa ntchito pa funso limodzi: pamene akatswiri ankasonkhanitsa zimene lero timazitenga ngati nzeru zokhazikika, ndani anawerengedwa, ndani anasiyidwa, ndipo nkhaniyo imasintha bwanji tikawabwezeramo amene anasiyidwawo?

Chitsanzo chimodzi chikhoza kumveketsa bwino funsoli. Mabuku a mbiri ya ku Ulaya amatamanda nyengo yotchedwa Renaissance kuti inali nthawi imene maganizo a anthu anatseguka ndipo ufulu wa munthu unakula. Mu 1977 katswiri wa mbiri yakale Joan Kelly anafunsa ngati amayi nawo anaiona nyengo yokomayo, ndipo atafufuza moyo wa amayi a m'mabanja apamwamba ku Italy anapeza kuti m'zaka zomwezo mphamvu zawo ndi ufulu wawo zinkachepa. Sanatsutse kuti nyengoyo inalipo. Anangosonyeza kuti dzina lokomalo linaperekedwa poyang'ana amuna okha. Ntchito ya wophunzira m'nthambiyi ndi yotereyi, ndipo imafuna umboni pa chilichonse chimene akunena.

Anayamba liti, ndipo anayambira kuti?

Monga phunziro lokhala ndi dzina lakelake pandandanda wa yunivesite, maphunzirowa anayambira ku United States chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pa nthawi imene magulu omenyera ufulu wa amayi ndi ufulu wa anthu akuda anali atagwedeza dzikolo. Yunivesite ya Cornell inaphunzitsa kosi yovomerezeka mu 1969, ndipo mu 1970 koleji ya San Diego State inakhazikitsa pulogalamu yoyamba yathunthu. Magazini a akatswiri sanachedwe kubwera, Feminist Studies mu 1972 ndi Signs mu 1975. Bungwe la National Women's Studies Association linabadwa mu 1977, ndipo mu 1990 yunivesite ya Emory inayamba kupereka digiri ya PhD.

Kutchula America yokha kungakhale kufotokoza theka la nkhani. Ku India, yunivesite ya SNDT ya mumzinda wa Mumbai inatsegula nthambi yofufuza za amayi mu 1974. Ku South Korea, yunivesite ya Ewha mumzinda wa Seoul inayamba kuphunzitsa kosi yotere mu 1977, chaka chomwe amayi ofufuza a mu Africa anakhazikitsa bungwe lawo la AAWORD ku Dakar. Yunivesite ya Makerere ku Uganda inatsegula dipatimenti yake mu 1991, ndipo ya Cape Town inakhazikitsa African Gender Institute mu 1996. Chimene chinathandiza kwambiri kuti maphunzirowa afalikire chinali misonkhano ya bungwe la United Nations yokambirana za amayi, ku Mexico City mu 1975, ku Copenhagen mu 1980, ku Nairobi mu 1985 ndi ku Beijing mu 1995. Maboma ankachokera kumisonkhanoyi atalonjeza kupereka malipoti, kenaka n'kuzindikira kuti alibe ziwerengero zosiyanitsa amuna ndi akazi, ndiponso alibe anthu odziwa kuzitolera.

Kodi akusiyana bwanji ndi maphunziro a jenda?

M'mayunivesite ambiri masiku ano ndi nthambi imodzi imene yangosintha dzina. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, akatswiri monga Ann Oakley anayamba kusiyanitsa zinthu ziwiri, ziwalo zimene munthu amabadwa nazo ndi udindo umene anthu amamusenzetsa chifukwa cha ziwalozo. Mawu akuti jenda amanena za chachiwirichi. Zitaoneka kuti sungamvetse malo a mkazi popanda kufufuza malo a mwamuna, madipatimenti ambiri anawonjezera mawu akuti jenda pa dzina lawo, ena n'kuchotseratu mawu akuti amayi. Alipo aphunzitsi amene mpaka lero sasangalala ndi kusinthaku, poopa kuti dzina la amayi likachoka pachitseko, nkhani zawo zikhozanso kuchoka pang'onopang'ono m'kalasi.

Mawu akuti jenda atchuka kwambiri moti anthu ambiri amaganiza kuti amangotanthauza amayi basi, ndipo wophunzira watsopano amayamba ndi kusiya maganizo amenewa. Posankha kosi, dzina lisakunyengeni. Werengani mndandanda wa zimene amaphunzitsa, monga tafotokozera m'yankho lomaliza.

Kodi amuna amaloledwa kuphunzira?

Inde, kupatula m'makoleji amene amalandira akazi okhaokha pa maphunziro onse. Nthawi zambiri amuna amakhala ochepa m'kalasi, koma amakhalamo, ndipo ena amafika pokhala aphunzitsi. Madipatimenti ambiri ali ndi kosi yofufuza za umuna, imene katswiri wa ku Australia Raewyn Connell anathandiza kwambiri kuikhazikitsa. Kosiyi imafunsa chifukwa chake amuna amafa msanga kuposa akazi pafupifupi m'dziko lililonse, chifukwa chake ambiri odzipha ndi amuna, komanso mmene chiphunzitso chakuti mwamuna salira chimamulepheretsera kupita kuchipatala matenda akangoyamba.

Anthu ena amati maphunzirowa amaphunzitsa kudana ndi amuna, ena amati ndi ndale chabe. Kodi ndi zoona?

Za kudana ndi amuna sizoona, koma za ndale zikufunika yankho losapita m'mbali. Maphunzirowa anabadwa kuchokera m'magulu omenyera ufulu wa amayi, ndipo aphunzitsi ambiri sabisa kuti amatsatira maganizo otchedwa feminism, akuti amuna ndi akazi ayenera kukhala ndi ufulu ndi mwayi wofanana. Chimene chimafufuzidwa si khalidwe la mwamuna wina aliyense payekha, koma malamulo, zizolowezi ndi kagawidwe ka chuma zimene zimapatsa ena mphamvu n'kumana ena, ngakhale pamene palibe munthu amene akuchitira mnzake dala choipa.

Chimene chimadabwitsa ophunzira ambiri ndi kuchuluka kwa mikangano m'kati mwa nthambiyi. Ena amakhulupirira kuti kukonza malamulo n'kokwanira, ena amati vuto lili m'kayendetsedwe ka chuma, ena amati lili m'banja momwemo. Pa nkhani ya anthu ogulitsa thupi, ya mipando yapadera ya amayi m'nyumba ya malamulo, kapena ya tanthauzo la mawu akuti mkazi, akatswiri amatsutsana mpaka kukwiyitsana. Tiyeneranso kuvomereza kuti pali makalasi ena amene wophunzira amakhoza chifukwa chongobwereza maganizo a mphunzitsi, ndipo kumeneko n'kulephera kwa mphunzitsiyo. Dipatimenti yabwino imapereka malikisi poyang'ana kulimba kwa umboni, ngakhale mfundo ya wophunzirayo ikhale yotsutsana ndi ya amene akuchonga.

Ndine munthu wopemphera. Kodi ndidzakakamizidwa kusiya chikhulupiriro changa?

Ayi. Mudzawerenga zolemba zodzudzula mmene zipembedzo zina zachitira ndi amayi, ndipo zina zidzakukhudzani mtima, koma mudzawerenganso zolemba za amayi okhulupirira amene amafufuza malemba awo opatulika ali m'kati mwa chipembedzocho. Gulu la Circle of Concerned African Women Theologians, limene Mercy Amba Oduyoye analiyambitsa ku Accra mu 1989, ndi chitsanzo chodziwika. Chimene mudzafunsidwe ndi kufotokoza mfundo ya munthu amene simukugwirizana naye mwachilungamo musanaitsutse.

Kodi m'zaka zonsezo munthu amaphunzira chiyani?

Digiri yoyamba imatenga zaka zitatu kapena zinayi malinga ndi dziko. Chaka choyamba chimakhala cha maziko: matanthauzo a mawu ofunika, mbiri ya magulu omenyera ufulu wa amayi, ndi luso lowerenga ndi kulemba zimangirizo za ku yunivesite. M'zaka zapakati mumabwera maganizo a akatswiri osiyanasiyana ndi njira zochitira kafukufuku, ndipo wophunzira amasankha makosi ogwirizana ndi kumene mtima wake uli. Chaka chomaliza chimakhala cha kafukufuku wakewake, ndipo m'mayunivesite ena amakagwirako ntchito miyezi ingapo kubungwe kapena ku ofesi ya boma.

M'kosi ya zamalamulo mudzawerenga pangano la CEDAW la 1979 lothetsa kusala amayi, pangano la ku Maputo la 2003 la ufulu wa amayi limene mayiko a mu Africa anagwirizana, ndi chigamulo nambala 1325 chimene nthambi ya zachitetezo ya United Nations inapanga mu 2000 chokhudza amayi pa nthawi ya nkhondo ndi pokambirana mtendere. Simudzangoloweza ndime zake ayi, koma mudzafunsa chifukwa chake dziko limasayina pangano n'kutha zaka osasintha lamulo la malo kapena la chuma cha masiye. M'kosi ya zandale mudzayamba ndi New Zealand, kumene amayi anapeza ufulu woponya voti mu 1893, n'kufika ku Rwanda, kumene amayi anatenga mipando yoposa 60 pa 100 iliyonse m'nyumba ya malamulo mu 2013, ndipo funso lidzakhala lakuti kodi kuchuluka kwa mipando kumatanthauza kuchuluka kwa mphamvu.

Kosi ya zaumoyo ndi imene imatsegula maso anthu amene ankaganiza kuti sayansi ilibe nazo kanthu nkhanizi. Mu 1977 bungwe loona za mankhwala ku United States linalangiza kuti amayi a msinkhu wobereka asamalowetsedwe m'magawo oyambirira oyesera mankhwala atsopano, pofuna kuteteza ana osabadwa. Zotsatira zake zinali zakuti mankhwala ambiri anayesedwa pa amuna, mlingo wake n'kuperekedwa kwa aliyense. Lamulo lokakamiza kuti amayi azilowetsedwa m'kafukufuku wolipiridwa ndi boma linadza mu 1993, ndipo mu 2013 bungwe lomwe lija linachepetsa ndi theka mlingo wa mankhwala ogonetsa otchedwa zolpidem kwa amayi, zitapezeka kuti amachedwa kuchoka m'magazi awo.

Ndimamva mawu akuti intersectionality. Amatanthauza chiyani?

Mawuwa anayamba ndi katswiri wa zamalamulo Kimberlé Crenshaw mu 1989, ndipo amachokera pa chithunzi cha mphambano, malo amene misewu imakumana. Amamveka bwino tikaona mlandu umene iye anaufufuza. Mu 1976 khoti lina ku United States linaweruza dandaulo la amayi asanu achikuda amene anasumira kampani ya General Motors. Kampaniyo sinkalemba ntchito amayi achikuda chisanafike chaka cha 1964, choncho itayamba kuchotsa anthu potsatira lamulo lakuti womaliza kulowa ndiye woyamba kutuluka, iwo ndi amene anathera panja. Khoti linati palibe kusala akazi chifukwa kampaniyo inkalemba amayi achizungu kuyambira kale, ndipo linakana kuti amayiwo aphatikize dandaulo la khungu ndi la ukazi kukhala limodzi. Vuto lawo linali pa mphambano penipeni, pamene lamulo linkangoyang'ana msewu umodzi pa nthawi imodzi.

Kwa wophunzira, phunziro lake ndi lakuti mawu akuti amayi sanena za gulu la anthu ofanana. Mayi wolemera ndi wantchito wake wa m'nyumba onse ndi akazi, koma zimene zimamasula woyambayo kuti apite ku ofesi nthawi zambiri ndi thukuta la wachiwiriyo. Ulumali, msinkhu, mtundu, kukhala kumudzi kapena m'tauni, zonsezi zimasintha yankho. Mawuwa atchuka kwambiri moti ophunzira ena amangowaponya m'chimangirizo ngati chokometsera, ndipo mphunzitsi wosamala amalemba m'mphepete mwa pepala kuti asonyeze misewu imene ikukumanayo ndi amene wagundidwa.

Kodi masamu amafunika?

Sikawirikawiri kuti masamu apamwamba akhale chofunika polembetsa, koma amene amathawira kuno pofuna kuzemba manambala amadzimana chida champhamvu kwambiri. Zina mwa mfundo zimene zasintha maganizo a maboma zinachokera m'ziwerengero. Mu 1990 katswiri wa zachuma Amartya Sen anawerengetsera kuti akazi oposa 100 miliyoni akusowa pa chiwerengero cha anthu, makamaka ku Asia, chifukwa chosalandira chisamaliro chofanana ndi amuna. Claudia Goldin, amene analandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 2023, anasonyeza kuti m'mayiko olemera kusiyana kwa malipiro pakati pa amuna ndi akazi kumakula makamaka mwana woyamba akabadwa. Bungwe la zantchito la ILO linalengeza mu 2018 kuti amayi amagwira maola 76 pa 100 aliwonse a ntchito yosamalira ena yosalipidwa padziko lonse, kutanthauza maola 4 ndi mphindi 25 patsiku, pamene amuna amagwira ola limodzi ndi mphindi 23.

Manambala oterewa amachokera m'kafukufuku wa kagwiritsidwe ntchito ka nthawi, ndipo ophunzira ambiri amayesera okha kumuchita. Mumatenga pepala logawidwa m'timagawo ta mphindi 10 kapena 15, n'kukhala pansi ndi munthu kuti akuuzeni zimene anachita dzulo kuyambira pamene anadzuka. Si zachilendo kuti mayi ayambe ndi mawu akuti iye sagwira ntchito, amangokhala pakhomo, koma pofika kumapeto pepala lonse ladzaza kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Kenaka pamabuka vuto limene wophunzira sanaliganizire: mayiyo ankaphika uku akuyang'anira mwana, uku akumvetsera ngati wodwala m'chipinda akuitana. Kodi ola limenelo lilembedwe kamodzi kapena katatu? N'chifukwa chake mapepala abwino amakhala ndi mzere wachiwiri wolembapo ntchito imene inkachitika nthawi yomweyo. Katswiri wa zachuma Arthur Pigou anaona kalekale kuti mwamuna akakwatira wantchito wake wa m'nyumba, chuma cha dziko chimaoneka ngati chatsika m'mabuku ngakhale ntchitoyo ikugwiridwabe, ndipo Marilyn Waring wa ku New Zealand anafufuza mozama mu 1988 mmene kawerengedwe ka chuma cha mayiko kamasiyira kunja ntchito yotereyi.

Kodi amenewa si maganizo a azungu chabe?

Dandauloli linayamba kumveka m'kati mwa nthambiyi momwemo, ndipo lero ndi gawo la zimene zimaphunzitsidwa. Mu 1984 Chandra Talpade Mohanty, wochokera ku India, anadzudzula akatswiri a ku Ulaya ndi America chifukwa cholemba za amayi a m'mayiko osauka ngati munthu mmodzi wosaphunzira ndi woponderezedwa amene akudikira womupulumutsa. Ifi Amadiume anasonyeza mu 1987 kuti pakati pa Aigbo a ku Nigeria mwana wamkazi ankatha kutenga malo a mwana wamwamuna pa nkhani ya cholowa. Mu 1997 Oyèrónkẹ́ Oyěwùmí ananena kuti pakati pa Ayoruba, atsamunda asanabwere, ukulu ndi umene unkasiyanitsa anthu kuposa umuna kapena ukazi, ndipo umboni wake wina unali chiyankhulo chimene sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi m'mawu olowa m'malo mwa dzina. Wolankhula Chichewa sangadabwe, pakuti mawu athu akuti iye nawo sanena ngati munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi, koma apa ndi pomwe akatswiri ena a mu Africa anamutsutsa, ponena kuti chiyankhulo kusasiyanitsa sikutanthauza kuti anthu ake sasiyanitsa.

Mbiri imasonyezanso kuti amayi sanadikire buku lochokera kunja kuti adzuke. Mu 1929 amayi zikwizikwi a kum'mwera chakum'mawa kwa Nigeria anaukira mafumu oikidwa ndi atsamunda atamva kuti akufuna kuwakhometsa msonkho, ndipo oposa 50 anaphedwa. Malipoti a boma la Britain anazitcha zipolowe za ku Aba, pamene amayiwo ankazitcha nkhondo ya amayi, ndipo kusiyana kwa mayina awiriwa kumakwanira kukhala phunziro la sabata yathunthu. Pa 9 Ogasiti 1956, amayi pafupifupi 20,000 anayenda ulendo wa ku Union Buildings, maofesi akuluakulu a boma la South Africa ku Pretoria, pokana ziphaso zoyendera za boma la tsankho.

Kodi ndi maphunziro ophweka?

Amene amalowa akuganiza kuti adzangofotokoza zakukhosi amakhumudwa pa chimangirizo choyamba. Zowerenga zimakhala zambiri sabata iliyonse, ndipo zolemba za akatswiri ena, monga Judith Butler, zimafuna kuwerengedwa kawiri kapena katatu munthu asanatolepo mfundo. Kuvuta kwina n'kwakuti mumayenera kudziwa kalembedwe ka nthambi zingapo, lero chigamulo cha khoti, mawa tebulo la ziwerengero, mkucha ndakatulo. Malikisi ambiri amachokera m'zimangirizo, m'zokambirana za m'magulu ang'onoang'ono ndi m'kafukufuku womaliza, choncho munthu wozolowera kuloweza usiku wa mayeso amavutika.

Ndikamaliza ndidzagwira ntchito yanji?

Funsoli ndi limene makolo amafunsa koyamba, ndipo ali ndi chifukwa. Digiriyi siili ngati ya unamwino kapena ya uinjiniya imene dzina lake ndi dzina la ntchito. Omaliza maphunzirowa amapezeka m'maunduna a boma, m'mabungwe omwe si aboma, m'nthambi za United Nations monga UN Women imene inakhazikitsidwa mu 2010, m'nyumba zofalitsa nkhani, m'maofesi oona za ogwira ntchito m'makampani, m'malo othandiza anthu ochitiridwa nkhanza, ndi m'mabungwe ochita kafukufuku. Ena amapitiriza ndi zamalamulo, zaumoyo wa anthu kapena uphunzitsi.

Ntchito zambiri za m'mabungwe zimadalira thandizo la ndalama limene limabwera ndi kupita, ndipo opikisana nawo ndi ambiri. Wolemba ntchito safunsa ngati mumakhulupirira kuti amuna ndi akazi ndi ofanana, popeza aliyense wofunsira ntchitoyo amanena zomwezo. Amafunsa ngati mungathe kukonza mafunso a kafukufuku, kusanthula ziwerengero pa kompyuta, kulemba lipoti lomveka, kapena kutenga bajeti ya unduna n'kusonyeza kuti ndalama zake zikufikira ndani. Luso lomalizali, limene boma la Australia linayamba kuligwiritsa ntchito mu 1984, lafalikira m'mayiko ambiri, koma odziwa kuligwira bwino sachuluka.

Ndiwatenge paokha kapena ndiwaphatikize ndi phunziro lina?

Malangizo athu ndi akuti pa digiri yoyamba muwaphatikize ndi phunziro lina lokhala ndi luso looneka, monga zachuma, zamalamulo, zaumoyo, zaulimi, utolankhani kapena ziwerengero, pa zifukwa zimene tatchula m'yankho la zantchito. Mayunivesite ambiri amalola kutenga maphunziro awiri akuluakulu limodzi, kapena limodzi lalikulu ndi lina laling'ono. Njira ina imene ambiri amatsata ndi yoyamba ndi digiri ya phunziro lina, kugwira ntchito zaka zingapo, kenaka n'kudzatenga maphunzirowa pa digiri yachiwiri. Anthu oterewa amabwera ndi mafunso akuthwa chifukwa anaona ndi maso awo pamene ndondomeko yolembedwa bwino inalephera. Amene cholinga chawo n'kukhala aphunzitsi a ku yunivesite ndi amene angapindule kwambiri powatenga paokha mpaka pa PhD, koma adziwe kuti mipata ya uphunzitsi m'nthambiyi ndi yochepa.

Ndinachitiridwapo nkhanza. Kodi ndidzakwanitsa kukhala m'makalasi okamba nkhani zimenezi?

Ambiri amakwanitsa, ndipo simudzakhala nokha, pakuti bungwe la zaumoyo la WHO limati pafupifupi mkazi mmodzi mwa atatu aliwonse padziko anamenyedwapo kapena kuchitiridwa nkhanza zogonana pa moyo wake. Simukakamizidwa kufotokoza mbiri yanu m'kalasi kapena m'chimangirizo. Ndi bwino kuona mndandanda wa mitu kumayambiriro kwa teremu ndi kulankhula ndi mphunzitsi mwamseri ngati pali sabata imene mukuona kuti idzakulemerani. Kumbukirani kuti kalasi si malo olandirira uphungu, ndipo mphunzitsi, ngakhale akhale wachifundo chotani, sanaphunzire ntchito imeneyo. Funsani msanga kumene kuli ofesi ya aphungu a ophunzira.

Kodi kafukufuku womaliza amachitika bwanji?

Mumasankha funso laling'ono loti mungaliyankhe m'miyezi yochepa, mumapatsidwa mphunzitsi wokuyang'anirani, ndipo ngati mukafunsa anthu mafunso muyenera kupeza chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku asavulaze munthu. Cholakwa chofala ndi kusankha mutu waukulu ngati wa amayi ndi chitukuko. Mutu wabwino umatchula anthu ake, malo ake ndi nthawi yake.

Pa nkhani ya nkhanza malamulo ndi okhwima, ndipo aphunzitsi ambiri salola wophunzira wa digiri yoyamba kufunsa anthu ochitiridwa nkhanza payekha. Malangizo a WHO amati pa nyumba imodzi afunsidwe mkazi mmodzi yekha, pamalo poti wina sakumva, ndipo kafukufukuyo adziwike kwa ena a pakhomopo ndi dzina lina, monga la zaumoyo wa amayi. Wofunsa amakhala atakonzeratu mafunso ena opanda vuto, kuti munthu akalowa mwadzidzidzi atembenuze nkhani nthawi yomweyo, ndipo amayenera kudziwa kumene angalozere mayi wofuna thandizo. Mayina enieni salembedwa pa pepala la mayankho. Kufunsa mafunso otere kumafuna kudekha, poti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mfundo yofunika kwambiri nthawi zambiri imatuluka wofunsayo atakhala chete kwa kanthawi.

Ndamva kuti m'mayiko ena maphunzirowa akuthetsedwa. Kodi digiri yanga idzakhala ndi ntchito?

Zachitikadi m'malo ena. Mu 2018 boma la Hungary linachotsa maphunziro a jenda pa mndandanda wa madigiri achiwiri ovomerezeka, ndipo mu 2023 akuluakulu a New College of Florida ku United States anavomereza zotseka pulogalamu yawo. Kwinanso madipatimenti aphatikizidwa ndi ena chifukwa cha kuchepa kwa ndalama kapena kwa ophunzira. Komabe digiri imene munalandira ku yunivesite yovomerezeka imakhalabe yanu, ndipo mayiko a mu United Nations anagwirizana mu 2015 za zolinga za chitukuko, ndipo chachisanu mwa izo, chonena za kufanana kwa amuna ndi akazi, chimafuna anthu otolera ndi kusanthula ziwerengero. Nkhanizi ndi chifukwa china chophatikizira maphunzirowa ndi phunziro lina.

Posankha yunivesite ndiyang'ane chiyani?

Yambani ndi kutsimikiza kuti yunivesiteyo ndi pulogalamuyo n'zovomerezeka ndi bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba m'dzikolo. Kenaka fufuzani ngati ndi dipatimenti yokhala ndi aphunzitsi akeake kapena ndi pulogalamu yodalira aphunzitsi obwereka ku nthambi zina, chifukwa m'pulogalamu yobwereka kosi imene yalembedwa m'kabuku ikhoza kutha zaka ziwiri osaphunzitsidwa mwini wake akapita kutchuthi kapena akasamuka. Onani ngati pali kosi yokakamiza ya njira zofufuzira, ndipo ngati ikuphunzitsa zonse ziwiri, kucheza ndi anthu ndi kusanthula manambala.

Pemphani mndandanda wa zowerenga za chaka choyamba, ndipo madipatimenti ambiri amautumiza mukawalembera kalata. Muwerenge mayina a olemba n'kuona ngati onse akuchokera kudera limodzi la dziko lapansi, ngati muli zolemba zotsutsana, komanso ngati muli zaposachedwa. Funsaninso kumene ophunzira a chaka chatha anakagwirako ntchito yoyeserera, ndiponso kuti mphunzitsi mmodzi amayang'anira ophunzira angati pa kafukufuku womaliza.